Nsomba Zimene Ndinaweta M'galasi ku Mbulumbuzi

Ana inu, zimitsani kaye kafoniko. Ndakuonani mwaunjirira tinsomba timene tikusambira mmenemo, wina mpaka kulumbira kuti yofiirayo ndi yake. Yake bwanji nsomba yoti sanaidyetsepo? Senderani kuno ndikuuzeni za nsomba zenizeni, zimene ine agogo anu Matiyasi ndinakhala nazo m'nyumba ku Mbulumbuzi, amayi anu, Marita wangayo, akukulira kutali ndi ine.

Ndinapita ku Halale ndili mnyamata, dziko lino litangolandira ufulu. Masiku amenewo mnyamata wa ku Chiradzulu akamera ndevu sankafunsa za munda, poti minda inali itaperewera kale. Ankafunsa tsiku lonyamuka basi. Anzanga analowa m'mafamu a fodya, ine ndinapeza ntchito m'sitolo ya mzungu wina wogulitsa mbalame ndi nsomba zamoyo. Tsiku loyamba ndinayesa kuti nsombazo n'zandiwo, ndipo ndinawamvera chisoni azungu kuti amakhuta bwanji kanthu kochepa ngati chala cha khanda. Musaseke, inunso mukanaganiza chimodzimodzi. Ntchito yanga inali kupukuta magalasi, kusintha madzi ndi kuwola ndi kaukonde nsomba imene wogula waloza. Ndinaona ogula ambiri akusankha nsomba potsata kukongola kokha, kenaka n'kubwerera akudandaula kuti zadyana.

Nkhondo itayamba kununkha kumeneko ndinabwerera kwathu, ndipo ndinakwatira agogo anu aakazi, Filomena, kwa Likoswe. Ndinalowa chikamwini monga mwa mwambo wathu, n'kumanga nyumba pamudzi pawo. Filomena anali munthu woseka ndi thupi lonse, akayamba kuseka ankachita kugwira mtengo. Nkhani za nsomba za m'galasi ankazitenga ngati bodza la anthu obwera kuulendo, ndipo ndinkamulonjeza kuti tsiku lina adzaona yekha. Sanaone. Chifuwa chachikulu chinamugwira Marita asanayambe sukulu. Asisitere a ku Nguludi anayesetsa ndi jekeseni zawo, koma nandolo wa chaka chimenecho ndinakolola ndekha.

Miyambo ya maliro itatha, anandisudzula. Inu a masiku ano mwina mawuwa simuwadziwa. Ndiye kuti akuchikazi akumasula mwamuna kuti abwerere kwawo, akafuna akakwatirenso, koma ana amatsala ndi mbumba ya mayi wawo. Woyang'anira mbumbayo anali mlongo wake wa Filomena, a Lusiyano, atsibweni ake a Marita. Sanali munthu woipa ayi, anali munthu wosapotoza mwambo. Nditapempha kuti ndipite naye mwanayo, anandiyankha mosazungulira.

"Alamu, mwana kwawo ndi kuno. Mukamufuna, njira mukuidziwa. Akakulako azidzabwera kwanuko patchuthi."

Njirayo ndinkaidziwadi, ndipo poyamba ndinkaiyenda. Koma ndikafika ankandiyalira mphasa pansi pa mango ngati mlendo, m'nyumba yanga yomwe ndinamanga ndekha mutalowa anthu ena. Marita ankabisala kumbuyo kwa azakhali ake, akundisuzumira ndi diso limodzi. Ndiponso mwamuna wosudzulidwa akamangozungulira pamudzi, anthu amayamba kufunsana chimene akufuna. Maulendowo anayamba kutalikirana.

Ku Mbulumbuzi achemwali anga anandipatsa kamalo m'mbali mwa msewu wa ku Zomba. Ndinkakonza njinga, mapulaimasi ndi nyale zopopa zija zowala ngati mwezi. Inu mumangodina pakhoma kuwala n'kubwera. Ife nyale tinkachita kuinyengerera, kuipopa, kuitokosa ndi kasingano, ikakwiya n'kukulavulira palafini. Masana anthu ankabwera ndi zinthu zawo zowonongeka, tinkacheza ndithu. Koma dzuwa likapendeka aliyense ankatenga chake n'kupita kwa anthu ake. Ine ndinkatseka chitseko, m'nyumba monse wopuma ndili ndekha. Achemwali anandipezera akazi awiri atatu oti ndiwaone, mtima unakana.

Mnzanga anali mmodzi, Che Bwanali, Myao wogulitsa nsomba zouma. Ankapalasa njinga kukapikula ku Chilwa, ndipo njinga yake inali yosachoka pakhomo panga chifukwa dengu limene ankamangirira kumbuyo linkaposa mwini wake. Ndi iwowa amene anandiuza kuti ku Limbe mmwenye wina akuchotsa magalasi okhuthala a sitolo yake. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinakawatenga, n'kuwakulunga m'masaka, ndipo njira yonse ndinkamuchonderera kondakitala kuti asaikepo matumba a chimanga pamwamba. Ndinalumikiza zitsulo, n'kumata magalasiwo ndi phula. Thankiyo inali yaitali moti munthu wamkulu akanagonamo osapinda miyendo, ndiye mbiri inamveka mpaka kumsika kuti a Matiyasi akudzikhomera bokosi la maliro loonekera mkati. Inadontha, ndinamatanso, inadonthanso. Itasiya kudontha ndinayamba kutunga madzi pachitsime, amayi akundiseka kuti mwamuna uyu ndowa zonsezi akusambitsa ndani. Ndinathira mchenga wa mumtsinje, miyala, ndi udzu womera m'madzi umene ndinakazula kudambo. Mumtima ndinkati mwana wanga akadzabwera, apeze chinthu choti sanachionepo kwina kulikonse.

Nsomba zoyamba anabweretsa Che Bwanali m'chigubu, atatseka pakamwa ndi masamba. Munali matemba, timakumba ting'onoting'ono, ndi kamlamba kamodzi kamene anati ndi mphatso yapadera. Ndinawauza kuti mlamba ndi matemba sizigonera limodzi. Iwo anaseka, nati kamwana kotere kangadye ndani. Mphatso ya mnzako suibweza pakhomo, ndinakaikamo. Kwa miyezi ingapo zonse zinali bwino. Kenaka matemba anayamba kuchepa popanda mtembo wooneka, mlamba uja ukunenepa, ndevu zikutalika. Makumba nawo atakula anayamba zawo. Lalimuna linakumba dzenje pakati pa mchenga, linazula udzu wonse, ndipo chilichonse chodutsa pafupi linkachithamangitsa mpaka pakona. Madzi anasanduka thobwa.

Che Bwanali anaima patsogolo pa galasi atagwira chibwano. "Koma achimwene, ku Chilwa zonsezi zimakhalira limodzi."

"Ku Chilwa kuli kothawira," ndinawayankha.

Mlamba ndi makumba zinapita kwa achemwali, amene sanafunse mafunso ambiri. Ndipo inu, popeza mumati mukadzalemera mudzagula thanki yanu, mverani pano. Posankha nsomba zokhalira pamodzi, yambani mwayang'ana pakamwa. Nsomba iliyonse imameza chimene chingalowe pakamwa pake, ngakhale ikhale yofatsa ngati mkulu wa mpingo. Musayang'ane msinkhu wake wa lero, funsani kuti ikadzakula idzafika pati. Kenaka muone khalidwe lake, ngati ndi yolanda malo kapena yongodziyendera. Muonenso kumene imakonda kusambira, chifukwa zina n'zapamwamba, zina zapakati, zina zapansi, ndipo zikagawana chotere sizipondana. Yachilendo musaiponyemo tsiku lomwelo. Iyambe yakhala m'beseni payokha, muone ngati ilibe zilonda kapena timadontho toyera, ingakupatsireni matenda zonse.

China ndinachiphunzira mowawa. Tchuthi china a Lusiyano anatumiza uthenga kuti Marita abwera sukulu akatsekera. Ndinaona kuti matemba okha ndi otuwa, mwana sangawatembenukire kawiri. Che Bwanali anali ndi mbale wawo woyendetsa lole ya ku Mangochi, ndipo anandibweretsera mbuna, nsomba za m'miyala ya kunyanja. Ana inu, kukongola kumene kuja sindinakuonenso. Zina zobiriwira ngati thambo la mwezi wa Meyi, zina zachikasu zamizere yakuda. Anthu odutsa mumsewu ankapempha kulowa kuti aone. Koma mbuna ndi nsomba zandewu. Iliyonse inasankha mwala wake, ndipo zinang'ambana zipsepse, n'kumaluma matemba osalakwa. Ndinawonjezera miyala kuti zisamaonane, zinachitako bwino pang'ono. Kenaka chiperoni chinatsika m'phiri, chifunga ndi kamvula kaja kolowa m'mafupa. Nsomba za kunyanja zinazolowera madzi ofunda. Ndinafunditsa thankiyo bulangete langa, ndinayatsa mbaula pafupi, koma m'mawa uliwonse ndinkawola ina itagona chammbali. Chiperoni chisanathe zonse zinatha. Ndipo Marita sanabwere, anadwala chikuku. Tchuthi chotsatira kunagwa maliro pamudzi pawo. Chinacho anati akuthandiza kukolola.

Ndinasiya kuthamangira kukongola. Matemba ndinawasunga ambiri, chifukwa temba likakhala lokha limachita mantha, limabisala mpaka kuwonda, pamene ali gulu amayenda momasuka pakati pa madzi. Pamwamba ndinaikapo tigapi, tinsomba tating'ono ta michira ya mawangamawanga, timene asisitere ankaweta padziwe lawo kuti tizidya mphutsi za udzudzu. Sisitere wina wokalamba anandipatsa m'botolo nditamukonzera nyale. Pansi ndinaikapo nkholokolo ziwiri zazing'ono, nsomba zandevu zokhala ndi minga, zimene zinkatola zakudya zotsala n'kukabisala m'phale la mphika wosweka. Matemba ankadyako tiana ta tigapi, koma udzu unkabisa tina, motero sitinathe komanso sitinachuluke mopitirira. Magetsi kunalibe, ndiye mpweya zinkaupeza ku udzuwo ndi kuwala kwa pawindo, ndipo kukatentha ndinkapopera madziwo ndi pampu ya njinga. Chakudya chinali gaga pang'ono, chiswe ndi nyongolotsi zoduladula. Thanki imeneyo inakhala pamtendere zaka zambiri.

Lachisanu lililonse Che Bwanali akachoka kumzikiti ankadzera kwanga. Ndinkawaphikira tiyi, iwo n'kukhala pa mpando wa ndalema moyang'ana galasi. Munthu woti moyo wake wonse ankagwira nsomba zouma, ankati sanadziwe kuti temba lili ndi nkhope. Tiyi akatha ankanyamuka, n'kunena kuti aonana nazo sabata yamawa, ngati kuti akutsanzika nsombazo osati ine.

Marita anabwera atatsala pang'ono kumaliza pulaimale. Azakhali ake anamuperekeza n'kubwerera tsiku lomwelo. Anagwada pakhomo, n'kundipatsa moni wa ulemu wonse, moni wopatsa mphunzitsi wamkulu. Anali atatalika, ndipo chipumi chinali cha Filomena chenicheni. Ndinamulowetsa m'nyumba, n'kuchotsa nsalu imene ndinaphimba pathanki. Anayang'ana, anayang'ananso, kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati zimadyedwa. Ndinaseka. Zaka zonse zija ndinkayembekeza kuti adzalumpha ndi chimwemwe, ndinaiwala kuti kamwana kolumpha kaja kanakula ine kulibe.

Masiku oyamba tinkakhala ngati anthu okumana pa siteji ya basi. Iye ankasesa, kuphika, n'kuyankha "eya" ndi "ayi". Ine ndinkabisala m'ntchito zanga. Koma ndinaona kuti akamaliza ntchito ankakoka mpando wa Che Bwanali n'kukhala pagalasi. Tsiku lina masana anandifunsa chifukwa chimene nkholokolo zimabisalira. Ndinasiya sipanala n'kukakhala pambali pake. Ndinamufotokozera za nkholokolo, za mlamba wakuba uja, za mbuna zimene zinamudikirira mpaka kufa ndi chisanu. Maso ali pa matemba, anandifunsa:

"Amayi anazionapo zimenezi?"

Ndinati ayi, ankati ndikunama.

"Ankalankhula bwanji amayi? Mawu awo ndinawaiwala."

Ana inu, kwa Likoswe palibe amene ankamuuza za mayi wake, poopa kumuliritsa. Ndinamuuza zonse, kaseka kake, nyimbo zimene ankaimba posinja, mmene ankapsereza kalongonda chifukwa chokonda macheza. Tinalankhula mpaka dzuwa kupendeka, tonse tikuyang'ana nsomba. Kuyang'anana kumaso sitikanatha. Tchuthi chitatha ndinamukweza panjinga mpaka ku boma, kumene azakhali ake ankamudikira. Pobwerera njinga inapepuka moti ndinatsika n'kumaikankha.

Anabweranso kangapo, kenaka sukulu inamutengera kutali, kenaka banja. Paukwati wake ndinakhala pa mpando wa alendo olemekezeka, zonse akuyendetsa a Lusiyano. Achemwali anga anamwalira. Che Bwanali miyendo inayamba kutupa, njinga anaisiya, komabe Lachisanu ankabwera ndi ndodo. Tsiku lina ndinapita ku Limbe kukagula zitsulo za njinga, ndipo pobwera ndinakumana ndi anthu a zisoti zoyera akuchokera kumanda. Asilamu sagoneka maliro. Mnzanga anamwalira m'mawa, n'kuikidwa ine ndikutsutsana mtengo wa masipoko. Lachisanu lotsatira ndinaphika tiyi wa anthu awiri mosazindikira.

Tsono kunabwera chilala chachikulu chija, chimene akuluakulu amachikambabe. Chimanga chinauma chisanamasule, nandolo yemwe, amene sagonja msanga, anayoyoka maluwa. Chitsime chathu chinaphwa. Mudzi wonse unkadalira mjigo umodzi, ndowa zikundandalika mpaka kumsewu. Thanki ngati imene ija imafuna madzi atsopano kawirikawiri, ndiye ndinkaima pamzere kawiri. Mayi wina, amene ndinkamukonzera pulaimasi kwa zaka zambiri, anandiuza pamaso pa anthu kuti ana awo akupita kusukulu osasamba pamene ine ndikusambitsa matemba. Ankanena zoona. Kuyambira tsiku limenelo ndinkatunga ndowa imodzi ngati wina aliyense, ndipo ndinkagawana ndi nsomba. Kusamba ndinachepetsa, kuphika ndinachepetsa. Madzi m'thanki ankatsikabe, n'kumabiriwira, ndipo nsomba zinkabwera pamwamba kudzayasamula. Tigapi tinayamba kufa. Ndinkakhala pampando paja n'kumaziyang'ana, osadziwa chochita, poti mitsinje yonse yapafupi inali mchenga wokhawokha.

Marita anatulukira tsiku lina m'mawa, atabereka kumsana mkulu wanu uja amene pano ali ku Lilongwe. Anamva kwa anthu a kumsika kuti bambo ake aonda, akumwetsa nsomba madzi awo akumwa. Sanandikalipire. Anayang'ana thanki, anayang'ana m'miphika, anayang'ana ine. Kenaka anati kufupi ndi kwawo kwa Likoswe kuli damu lakale la esiteti limene silinaphwe, ndipo nsombazo tikazisiye kumeneko zisanathe. Ndinayesa kupereka zifukwa, kuti ulendo ndi wautali, kuti mwina mvula ili pafupi. Iye anali atatenga kale ndowa n'kuyamba kuitsuka.

Ndinaziwola ndekha. Nkholokolo imodzi, imene inakalamba nane, inakanirira m'phale mwake, ndinainyamula ndi phale lomwe. Tinakwera matola odzera ku Limbe, ndowa ili pakati pa miyendo yanga, Marita ataiphimba ndi ambulera yake, iye ndi mwana dzuwa likuwawotcha. Anthu m'galimoto ankafunsa ngati ndiwozo tikugulitsa. Titatsika Marita anasenza ndowayo pamutu, mwana kumsana, ndipo ankayenda pang'onopang'ono kuti madzi asakhavuke. Tinadutsa pamudzi paja. Mango aja anali atadulidwa, ana amene ankasewera pabwalo sindinadziwe ndi mmodzi yemwe.

Padamu ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo. Ndinamiza ndowa pang'onopang'ono kuti madzi asakanikirane, nsomba zingadzidzimuke. Poyamba sizinatuluke, zinkangozungulira m'ndowamo. Kenaka temba limodzi linatsogola, ena onse n'kutsatira, ndipo anasowa m'kuphethira kwa diso. Phale lija ndinaliika pansi m'matope. Ndinaimabe m'madzimo nthawi yaitali, ndikuyang'ana pamene palibe chooneka. Nditatuluka ndinafunsa Marita kuti galimoto yomaliza yopita ku Limbe imadutsa nthawi yanji.

"Mukubwerera kwa yani, bambo?"



Marita anatola ndowa yopanda kanthu ija n'kutsogola, ine pambuyo. Pamudzi tinapeza a Lusiyano atakhala padzuwa, atakalamba, maso atachita khungu. Atamva mawu anga anatambasula dzanja n'kundigwira pamkono, osafuna kusiya. Anati mwini mbumba tsopano ndi Marita, ndipo iye ndiye analamula anyamata kuti afolere kanyumba kena masabata apitawo, a Lusiyanowo sanatsutse.

"Alamu," anatero, "tinakusungirani mwana, koma tinakusungirani nthawi yaitali mopitirira. Lowani mupume."

Ndinalowa, buluku likudontha madzi a m'damu. Kanyumba kake ndi kano, ndipo khonde lake ndi lomwe mwakhalapoli.